Mpanda wosaoneka: alimi a maiko ena akuweta ng'ombe ndi lamya ya m'manja

TETE – Mvula ikagwa, chimanga n'kufika m'mawondo, milandu ya ng'ombe imayamba kuchuluka pa mabwalo a anyakwawa ku Angónia, Tsangano ndi Macanga. Mbusa anatanganidwa ndi kuumba ng'ombe zadothi, ng'ombe zenizeni zili m'munda mwa eni. Mwini khola alipire. Alimi a maiko akutali nawonso amalidziwa vuto la chiweto cholowerera, ndipo ena mwa iwo ayamba kuweta ndi mpanda umene munthu sangauone ndi maso.

Amodzi mwa amene anayamba ndi a ku Norway, dziko la mapiri kumpoto kwa Ulaya, kumene kuzika mitengo ya mpanda pa miyala ndi ntchito yothyola msana. Bambo wina woweta mbuzi, Oscar Hovde, anakhazikitsa kampani ya Nofence m'chaka cha 2011. Anayambira pa mbuzi, kenaka nkhosa ndi ng'ombe.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kotere. Ng'ombe iliyonse imavekedwa lamba m'khosi, ndipo pa lambayo pamalendewera kabokosi kolemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi. M'kabokosimo muli batire yodzazidwa ndi dzuwa, ndiponso chipangizo cha GPS chimene chimadziwa malo pamene ng'ombe yaima pomvera masetilaiti a mlengalenga. Mlimi amatsegula mapu a busa lake pa lamya, n'kulemba mzere ndi chala. Mzere umenewo ndiwo mpanda.

Ng'ombe ikayandikira mzerewo, kabokosi kamayamba kulira, ndipo kulirako kumanka kukwera. Ikabwerera, phokoso limaleka. Ikachita liuma, imalandira kamphamvu ka magetsi m'khosi, kocheperapo kuyerekeza ndi ka mpanda wa waya wamagetsi. Ikakana katatu n'kutuluka ndithu, lamba amaleka kuilanga ndipo amatumiza uthenga kwa mwini, kumuuza kuti yathawa ndi pamene ili. Pobwerera kwa zinzake sipwetekedwa, chifukwa ikanamapwetekedwa ikanaopa kubwera.

Choncho mpandawu kwenikweni uli m'mutu mwa ng'ombe. Iyenera kuphunzitsidwa kaye kwa masiku angapo m'malo otchingidwa ndi mpanda weniweni, kufikira itazindikira kuti phokoso likutanthauza kutembenuka. Ikazolowera, nthawi zambiri imabwerera pongomva kulira. Amene anaphunzitsapo ng'ombe kukoka ngolo sangadabwe nazo zimenezi.

Ku New Zealand, dziko la ng'ombe zamkaka, kampani ya Halter imene Craig Piggott anaiyambitsa mu 2016 inapitiriza nzeruyi. Malamba ake amalira khutu la kumanzere kapena la kumanja pofuna kukhotetsa ng'ombe, ndipo amanjenjemera poiuza kuti iyende. M'mawa ng'ombe zimanyamuka zokha kupita kokakamidwa, popanda munthu wozikusa. Phindu lalikulu limene alimi akumeneko amafuna lili pa msipu: amasuntha mzere tsiku ndi tsiku, ng'ombe zidye kachigawo kamodzi, udzu wa kwina upume ndi kuphukanso. Ku America ena akugwiritsa ntchito malamba otere kuletsa ng'ombe kupondereza magombe a mitsinje ndi malo amene apsa ndi moto wolusa.

Nanga kwathu kuno? Choyamba ndi mtengo. Lamba mmodzi wa ng'ombe amagulidwa madola mazana angapo, ndipo pamwamba pake pali ndalama yolipira kampani nthawi ndi nthawi. Mlimi wa ng'ombe zinayi za Angoni, ziwiri mwa izo zapagoli, angafunike kugulitsa ina kuti aveke zotsalazo. Pamafunikanso netiweki ya lamya kapena nsanja ya kampani pafupi, kuti mzere watsopano ufike pa lamba, ndipo m'zigwa zathu zambiri lamya imagwira munthu atakwera chulu.

Chachiwiri n'chakuti mpandawu umatsekera m'kati ng'ombe yovala lamba yokha. Sutchinga fisi, sutchinga galu, sutchinga ng'ombe ya mnansi yopanda lamba. Mbala yowolotsa ng'ombe malire usiku ingadule lambayo ndi mpeni n'kumutaya m'tchire, ngakhale kuti mwini angathandizidwe podziwa malo otsiriza pamene ng'ombe inali. Mbusa amaonanso ng'ombe yotsimphina, yodzaza nkhupakupa kapena yoyandikira kubala.

Koma chovuta koposa ndi funso la mwini mzere. Mlimi wa ku New Zealand amalemba malire pa famu yake yekha. Kuno dambo ndi la mudzi wonse. Lamulo la Malo la 1997 limati nthaka ndi ya Boma, ndipo limavomereza ufulu wa midzi wogwiritsa ntchito malo monga mwa mwambo. Pa mwambo umenewo malire a busa amasintha ndi nyengo: m'dzinja ng'ombe zimakusidwira kutali ndi minda, anthu akakolola zimatayiriridwa kukadya mapesi m'minda ya aliyense. Mzere wa pa lamya ungathe kusuntha motsata nyengo chimodzimodzi, ndipo ana amene amajomba sukulu chifukwa cha ubusa angapezeko mpata. Koma eni makola onse a pa dambopo ayenera kuyamba akhala pansi ndi anyakwawa, kugwirizana kumene mzerewo udutse, tsiku louchotsa, ndi amene asunge lamyayo.