Kufufuza Chigawo cha Tete pa Intaneti: Ntchito ya Jogalafe ya M'kalasi ndi Luso Limene Imafuna

Phunziro la jogalafe, lomwe limafotokoza za maonekedwe a dziko, nyengo, mitsinje, anthu ndi ntchito zawo, lakhala likuphunzitsidwa kwa zaka zambiri kudzera pa mapu opachika pakhoma ndi mabuku ochepa amene ophunzira amabwerekana, koma kufala kwa mafoni olumikizika ku intaneti kwabweretsa njira ina yophunzirira. Masiku ano mphunzitsi angathe kupatsa kalasi ntchito yofufuza chigawo chimodzi cha dziko, kuti ophunzira asonkhanitse okha mapu, zithunzi ndi ziwerengero, kenaka afotokoze zimene apeza pamaso pa anzawo. Kwa ophunzira okhala ku Chimadzi, mu mzinda wa Tete ku Mozambique, chigawo choyenera kuyambira ndi chawo chomwe cha Tete, popeza ndi kumene angathe kufananitsa zimene foni ikunena ndi zimene maso awo amaona tsiku ndi tsiku. Phindu lenileni la ntchito yotere lagona pa kufananitsa kumeneku, chifukwa wophunzira amene amangokopera zimene wapeza amatsala wosadziwa kusiyanitsa choona ndi cholakwika.

Malo ndi malire

Gawo loyamba la ntchitoyi ndi kupeza pamene chigawochi chili komanso kukula kwake, ndipo zida zothandiza pa zimenezi ndi mapu a pa intaneti monga Google Maps ndi OpenStreetMap. Wophunzira akakhudza pakati pa mzinda wa Tete, mapu amamupatsa manambala awiri, imodzi yosonyeza kuti mzindawu uli pa madigiri pafupifupi 16 kumwera kwa ikweta, womwe ndi mzere wongoganizira wogawa dziko lapansi pakati, ndipo inayo yosonyeza madigiri opitirira 33 kum'mawa kwa mzere wodutsa ku Greenwich ku London. Manambala amene foni imapereka m'kanthawi kochepa ameneŵa kale ankafuna ulendo wautali ndi kuyang'ana nyenyezi usiku, monga anachitira Francisco José de Lacerda e Almeida, katswiri wa zakuthambo amene ananyamuka ku Tete m'chaka cha 1798 kulowera kwa Mwata Kazembe, n'kumwalira komweko chaka chomwecho.

Chigawo cha Tete ndi chachikulu makilomita pafupifupi 100,000 mbali zonse, kutanthauza kuti chimachepa pang'ono poyerekeza ndi dziko lonse la Malaŵi, ndipo chimachita malire ndi mayiko atatu, omwe ndi Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe. Ophunzira akatsata misewu ikuluikulu pa mapu amafika pa zipata za Zóbuè moyang'anana ndi Mwanza, Calómuè moyang'anana ndi Dedza, Cassacatiza moyang'anana ndi Chanida, ndi Cuchamano moyang'anana ndi Nyamapanda, ndipo apa amamvetsa chifukwa chake magalimoto akuluakulu onyamula katundu sasowa m'misewu ya mzinda wawo. Malire ameneŵa anakhazikitsidwa makamaka ndi pangano la pakati pa Britain ndi Portugal la m'chaka cha 1891, lomwe linadula pakati dziko la Amaravi, n'chifukwa chake Achewa a ku Macanga, Chifunde ndi Marávia ali pachibale ndi a ku Katete ndi Dedza, ndipo mafumu awo amakapezeka pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mapu amaonetsa mzere wa malire koma saonetsa ubale umene mzerewo unadutsa, choncho mphunzitsi ayenera kuthandiza ophunzira kulumikiza jogalafe ndi mbiri.

Chifukwa chake Tete amatentha pamene Angónia amazizira

Funso labwino la kafukufuku ndi limene limafuna kufotokoza chifukwa, osangotchula dzina kapena nambala. Mwana aliyense wa ku Chimadzi amadziwa kuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, komanso amadziwa kuti mbatatesi ndi ndiwo zamasamba zambiri za pamsika zimachokera ku Angónia ndi Tsangano, koma si onse amene angalumikize zinthu ziwirizi. Pulogalamu ya Google Earth, yomwe imasonyeza dziko lapansi kudzera m'zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, imapereka kutalika kwa malo aliwonse kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Wophunzira akayeza amapeza kuti mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi pa mamita osafika 200, pamene Ulónguè ali pa mamita opitirira 1,000 ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Popeza mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, ndiponso popeza malo okwera amakakamiza mphepo yachinyezi kukwera ndi kugwetsa mvula, kusiyana kwa nyengo pakati pa madera awiriŵa kumamveka bwino. Pamenepo wophunzira amatha kufotokoza yekha chifukwa chake kumwera kwa Zambezi, ku Changara ndi Marara, kuli milambe, masawu ndi mbuzi zambiri, pamene kumpoto chakum'mawa kuli chimanga, fodya ndi anthu ochuluka kwambiri. Ziwerengero za mvula ndi kutentha ziyenera kutengedwa ku bungwe loona za nyengo la Instituto Nacional de Meteorologia, ndipo ziyenera kukhala za zaka zambiri, chifukwa chaka chimodzi cha chilala kapena cha mvula yochuluka sichikwanira kufotokoza nyengo ya dera.

Zithunzi zosonyeza kusintha kwa nthaka

Chida champhamvu kwambiri pa ntchitoyi ndi zithunzi zakale za masetilaiti, omwe ndi makina ozungulira dziko m'mlengalenga n'kumajambula malo omwewo mobwerezabwereza. Masetilaiti a Landsat a dziko la America anayamba ntchitoyi m'chaka cha 1972 ndipo zithunzi zawo zinayamba kuperekedwa kwaulere m'chaka cha 2008, pamene a Sentinel-2 a ku Ulaya anayamba m'chaka cha 2015. Mu Google Earth muli njira yobwerera m'mbuyo chaka ndi chaka kufikira 1984, ndipo wophunzira akaigwiritsa ntchito pa Moatize, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Tete, amaona mmene tchire ndi minda zinasandukira maenje akuluakulu akuda kampani ya Vale itayamba kukumba malasha m'chaka cha 2011, mgodi umene unagulitsidwa ku kampani ya Vulcan m'chaka cha 2022. Akasuntha pang'ono chakum'mawa amaona mizere ya nyumba zofanana ku Cateme, kumene anasamutsidwira ena mwa mabanja opitirira 1,300 amene anachotsedwa pa malo a mgodiwo, ndipo akatsata njanji amaipeza ikudutsa m'Malaŵi kupita ku doko la Nacala, mtunda wa makilomita opitirira 900.

Komabe chithunzi chimasonyeza zochepa poyerekeza ndi zimene zinachitika. Denga lamalata looneka kuchokera kumwamba silinena ngati nthaka ya pamalopo imabereka, ngati madzi ali pafupi, kapena ngati anthu amene ankaumba njerwa ndi kugulitsa pamsika wa Moatize anapeza ntchito ina, ndipo mafunso ameneŵa ndi amene lipoti la bungwe la Human Rights Watch la m'chaka cha 2013 linafufuza pofunsa anthu osamutsidwawo. Chimodzimodzinso, wophunzira amene wayambira pa 1984 amapeza nyanja ya Cahora Bassa ilipo kale ndipo angaganize kuti ndi yachilengedwe, pamene inapangidwa ndi damu la ku Songo lomwe linatseka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1974, lomwe lingathe kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo linakhala m'manja mwa Mozambique mu Novembala 2007. Lamulo loyamba pogwiritsa ntchito chithunzi chilichonse ndi kuŵerenga tsiku limene chinajambulidwa, chifukwa mapu ojambulidwa chisanafike chaka cha 2014 sasonyeza mlatho wa Kassuende, ndipo chithunzi cha m'chilimwe chimasonyeza mtsinje wa Revúbuè uli mchenga wambiri, pamene ndi mtsinje womwewo umene unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe wa Ana.

Ziwerengero zosagwirizana

Vuto limene ophunzira amakumana nalo msanga ndi lakuti masamba awiri a pa intaneti amapereka manambala awiri osiyana pa funso limodzi. Chiwerengero cha anthu chimachokera ku kalembera wa anthu ndi nyumba, yemwe ku Mozambique anachitika m'zaka za 1980, 1997, 2007 ndi 2017, ndipo amene amayendetsa ntchitoyi tsopano ndi bungwe la Instituto Nacional de Estatística. Pa kalembera wa 2017, zotsatira zoyambirira zinapereka anthu pafupifupi 28.9 miliyoni m'dziko lonse, koma zotsatira zomaliza zinapereka 27.9 miliyoni, ndipo manambala onse awiriŵa akupezekabe pa intaneti, ena olemba atatenga yoyamba ndipo ena yachiwiri. Chigawo cha Tete chinapezeka ndi anthu opitirira 2.5 miliyoni ndipo mzinda wa Tete pafupifupi 300,000, koma wophunzira angapezenso manambala akuluakulu kuposa ameneŵa, omwe ndi ongoyerekeza potengera kuchulukana kwa anthu chaka ndi chaka.

Nkhani ya maboma ndi yofanana. Chigawochi chili ndi maboma 15, koma zolemba zakale zimapereka nambala yocheperapo chifukwa maboma a Dôa ndi Marara anakhazikitsidwa m'chaka cha 2013, pamene Dôa anapatulidwa ku Mutarara ndipo Marara ku Changara. Wophunzira amene wafananitsa chiwerengero cha anthu a ku Changara cha 2007 ndi cha 2017 osadziwa zimenezi angalembe kuti anthu anathawa m'bomalo, pamene chimene chinasintha ndi malire okha. Pa chifukwa chimenechi nambala iliyonse iyenera kulembedwa pamodzi ndi chaka chake, bungwe limene linaipereka, ndi mawu osonyeza ngati inaŵerengedwa kapena inangoyerekezedwa. Wikipedia, yomwe imalembedwa ndi anthu odzipereka, ndi poyambira pabwino pofuna kupeza kumene nambala inachokera, koma wofufuza ayenera kupitirira mpaka pa gwero lenilenilo. Mapulogalamu oyankha mafunso ngati munthu amafuna kusamala kwambiri, popeza amatha kupereka yankho lolakwika m'chiganizo chomveka bwino. Kufufuza m'Chipwitikizi kumabweretsa zambiri zokhudza Tete kuposa m'Chingelezi, pamene za m'Chinyungwe ndi m'Chichewa n'zochepa kwambiri.

Zimene anthu a pamalo amadziwa

Wophunzira akayandikitsa mapu pa Chimadzi pomwe amazindikira kuti tinjira tambiri, mijigo, timisika ndi mayina amene anthu amagwiritsa ntchito polozerana njira sizinalembedwe, ngakhale madenga onse akuoneka. Apa ndi pamene ntchito ya m'kalasi imafunika kutuluka panja, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Gulu la ophunzira, mololedwa ndi sukulu komanso atsogoleri a deralo, lingathe kuyenda ndi mapu osindikizidwa papepala, n'kumafunsa akuluakulu amene akhala pamalopo nthawi yaitali za pamene madzi osefukira anafika, pamene panali minda kusanamangidwe nyumba, ndi kumene madzi amvula amadutsa potsikira ku Zambezi. Zimene apeza angathe kuzilemba pa OpenStreetMap, mapu amene anayambika m'chaka cha 2004 ndipo aliyense amaloledwa kuwonjezerapo, omwenso anthu odzipereka a m'mayiko ambiri anawagwiritsa ntchito pojambula misewu ndi nyumba za m'chigawo cha Sofala namondwe wa Idai atawononga m'chaka cha 2019. Pochita zimenezi ayenera kulemba zinthu za anthu onse zokha, monga misewu, sukulu ndi mijigo, osalemba mayina a eni nyumba kapena kujambula anthu popanda chilolezo, ndiponso osaulula malo amene mwambo umawasunga mwachinsinsi, monga dambwe.

Kuchepa kwa zipangizo si chifukwa cholekera ntchitoyi, ngakhale kuti n'zoona kuti intaneti ya pafoni ndi yodula kwa mabanja ambiri ndipo zithunzi za masetilaiti zimamaliza bandulo mofulumira. Kalasi ingagawidwe m'magulu, lina la mitsinje ndi nyengo, lina la anthu ndi zilankhulo, lina la migodi ndi magetsi, lina la ulimi ndi usodzi wa kapenta ku Cahora Bassa, ndipo gulu lililonse lingagwiritse ntchito foni imodzi litakonzeratu mafunso ake papepala. Mapu angasungidwe m'foni kuti atsegulidwe popanda intaneti, ndipo pulogalamu ya Kiwix imasunga Wikipedia m'njira yomweyo. Pamapeto pake gulu lililonse liyenera kujambula pamanja mapu ake, okhala ndi mutu, muvi wolozera kumpoto, sikelo yosonyeza mtunda weniweni, ndi tanthauzo la zizindikiro, chifukwa dzanja limene lajambula Zambezi kuchokera ku Zumbo mpaka ku Mutarara limathandiza mutu kusunga zimene diso likanangodutsa.

Mphunzitsi poyesa ntchitoyi ayenera kupereka malikisi ambiri kwa wophunzira amene wasonyeza kumene anatenga mfundo zake ndi mmene anazitsimikizira, kuposa amene wabweretsa zithunzi zokongola zambiri. Chigawo cha Tete chili ndi nkhani zikuluzikulu zimene zikudikira m'badwo umenewu, monga damu la Mphanda Nkuwa la mamegawati 1,500 lomwe likukonzedwa kumunsi kwa Cahora Bassa, tsogolo la malasha pamene mayiko ambiri akufuna kuchepetsa kuwagwiritsa ntchito, ndi kumanga nyumba m'malo osefukira madzi pamene mzinda ukukula. Zonsezi zidzakambidwa pogwiritsa ntchito mapu ndi ziwerengero, ndipo nzika imene inaphunzira kufunsa kuti mapu anajambulidwa liti, ndi ndani, ndiponso anasiya chiyani, idzatha kutenga nawo mbali pa zokambiranazo m'malo mongolandira zimene ena agamula.