Greasy: zomwe pepala la mandasi lingakuphunzitseni

Mukagula mandasi kapena tchipisi cha pachiwaya kuno ku Mbombwe, musafulumire kutaya pepala lomwe akukulungiranimo. Talikwezani kaye poyera. Muona malo ena pomwe kuwala kukudutsa. Pachingerezi pepala lotere amati ndi greasy.

Mawuwa achokera ku grease, girisi yemwe uja amapaka mu habu ya njinga ya kabaza. Ndi pachibale ndi oily, koma amasiyanako. Oily amangonena kuti chinthu chili ndi mafuta, monga mtedza. Greasy amanena chinthu chomwe chapakika mafuta mpaka kuterera: zala mutadya chiwaya, mbale yosatsuka bwino. Kawirikawiri mawuwa amakhala ndi kamnyozo. Mayi akaphika ndiwo zonona bwino, musawauze kuti ndi greasy, mugona ndi njala!

Nanga bwanji mafuta amachititsa pepala kudutsa kuwala? Pepala ndi timaulusi tambirimbiri topiringizana, ndipo m'mipata yake muli mpweya. Kuwala kukamachoka mu chinthu china kulowa china kumapindika, ndipo nambala yosonyeza kupindikako ndi refractive index. Ya mpweya ndi 1.0, ya timaulusi ta pepala ndi pafupifupi 1.5. Kusiyana kwakukuluku kumabalalitsa kuwala uku ndi uku, n'chifukwa chake pepala limaoneka loyera.

Ya mafuta ophikira ndi pafupifupi 1.47. Mafuta akalowa m'mipata muja amathamangitsa mpweya, kusiyana kuja kumachepa, basi kuwala kumadutsa osabalalika kwambiri. Madzi, omwe yawo ndi 1.33, amachitanso chimodzimodzi, koma akauma banga limatha. La mafuta limatsala.

Apa ndi pomwe pagona malikisi. Mu Biology, njira imodzi yoyezera ngati m'chakudya muli mafuta ndi grease spot test: mumatikita chakudyacho papepala, kudikira kuti liume, kenako n'kulikweza poyera. Ambiri amaona bwinobwino, koma polemba amati bangalo ndi transparent. Ayi ndithu. Transparent ndi galasi la pawindo, lomwe mumaonera zakuseri bwinobwino. Bangali ndi translucent: kuwala kukudutsa, koma nkhope ya mnzanu kuseriko simungaizindikire. Pa MSCE, liwu limodzi lomweli lingakudyereni malikisi.

Madzulo ano yesani nokha. Papepala limodzi tikitani mtedza wosinja, pambali pake chinangwa chachiwisi, kenako dontho la madzi. Mawa m'mawa mudzaone banga lomwe latsala.