Chifukwa chake modemu yakale imavutika pa foni ya pa intaneti

Modemu ya dial-up, yomwe inkalumikiza kompyuta ku intaneti kudzera pa waya wa foni ya m'nyumba, ndi chipangizo chimene chimasandutsa manambala a kompyuta kukhala kulira kokwera ndi kotsika, ndipo inzake ya kutsidya imamvetsera kulirako n'kubwezeretsa manambala aja. Muyezo wa V.90, womwe bungwe la ITU linakhazikitsa mu 1998, unkalola liwiro lofika makilobiti 56 pa sekondi, koma unkadalira njira imodzi yosadukiza kuyambira poimba mpaka podula foni.

Foni ya pa intaneti, yotchedwa VoIP, ilibe njira yotere, chifukwa imaduladula mawu m'tizidutswa totchedwa mapaketi, nthawi zambiri ta mamilisekondi 20, ndipo kalikonse kamayenda pakokha, moti tina timachedwa ndipo tina timasowa. Kachidutswa kakasowa, makina amatseka mpatawo ndi mawu ongoyerekeza, ndipo munthu wolankhula sazindikira kanthu, pomwe kwa modemu mawu oyerekezawo ndi manambala abodza amene amaikakamiza kuyambanso kumvana ndi inzake, kapena kudula foni kumene. Gwero la vutoli n'lakuti VoIP inapangidwira khutu la munthu, lomwe limalekerera zolakwika zing'onozing'ono.

Vuto lachiwiri lili pa codec, kutanthauza njira yosandutsira mawu kukhala manambala. Codec ya G.729 imafinya mawu mpaka makilobiti 8 pa sekondi posunga zokhazo zofanana ndi malankhulidwe a munthu, choncho kulira kwa modemu kumatuluka kophwanyika, pomwe G.711 imatenga mawu maulendo 8,000 pa sekondi n'kuwatumiza pa makilobiti 64, monga momwe mafoni akale ankachitira.

N'chifukwa chake mmisiri akamalumikiza modemu pa ATA, kabokosi kolowetsa foni yakale pa intaneti, amasankha G.711 yokha, amazimitsa mbali yochotsa kubwerera kwa mawu ndi yosiya kutumiza mapaketi pamene palibe wolankhula, amakhazikitsa nthawi yosasintha yodikirira mapaketi ochedwa, kenako amatsitsa liwiro la modemu kufika pa mabiti 9,600 pa sekondi, poti kulira kwa liwiro lochepa sikusokonezeka msanga. Palinso miyezo yapadera yothana ndi vutoli: wa T.38 umathandiza makina a fax, ndipo wa V.150.1 unapangidwira mamodemu, ngakhale kuti zipangizo zambiri zotsika mtengo sizikhala nawo.

Nkhaniyi sinathe ntchito, ngakhale kuti kampani ya AOL inatseka dial-up yake ku America mu Seputembala 2025, chifukwa ma alamu a m'nyumba, makina ena olipirira pa khadi ndi zipangizo zoitanira thandizo za okalamba zimalankhulabe ndi kulira kodutsa pa waya wa foni. Ku Britain, komwe kampani ya mafoni ya BT yakonza zotseka mafoni akale pofika Januwale 2027, chipangizo chilichonse chotere chiyenera kuyesedwa pa njira yatsopanoyo waya wakale asanazimitsidwe, popeza foni kumveka bwino m'khutu si umboni wakuti alamu idzafika kwa oilandira.