Kugulitsa mu Meyi, kugulanso mu Januwale: boma lingathandize bwanji mlimi kusunga?

Chaka chilichonse zimachitika mofanana pamisika yathu. Mu Epulo ndi Meyi mavenda amakoleka masikelo pansi pa mitengo, alimi n'kumathira chimanga pamtengo wolira. Ikafika Januwale, mlimi yemwe uja amabwerera pamsika womwewo ndi kathumba m'manja kudzagula chimanga chomwe anagulitsa yekha, koma tsopano pamtengo woboola m'thumba.

Ena amafulumira kunena kuti alimi ndi osaganiza za mawa. Ine ndikukana. Mlimi amadziwa bwino lomwe kuti mtengo udzakwera. Chomwe chimam'gulitsitsa msanga ndi ngongole ya feteleza, aganyu omwe akudikira malipiro, mwana wodwala ndiponso fizi. Kumbukirani kuti kuyambira m'chaka cha 2010 sukulu m'dziko muno zimatsegulira mu Sepitembala. Choncho ndalama ya fizi ndi yunifolomu imafunika chimanga chisanayambe kukwera mtengo kwenikweni.

Kuchokera mu 2011, anthu apantchito lamulo limawakakamiza kusunga. Bwana amayenera kuponya 10 peresenti ya malipiro a wantchito ku thumba la penshoni, wantchitoyo n'kuonjezerapo 5 peresenti. Mlimi wa ku Mitundu kapena ku Jenda alibe bwana womuponyera kanthu. Penshoni yake ndi nkhokwe, mbuzi ndi munda. Ndiye ngati boma likufunadi kuti mabanja akumudzi akhale ndi chuma, liyambire pankhokwepo.

Njira imodzi ilipo kale m'malamulo, kungoti alimi ambiri sanaimvepo. Mu 2018 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la malisiti a nyumba zosungiramo mbewu. Limayenda chonchi: mlimi kapena kopaletivi amapititsa chimanga, soya kapena nandolo kunyumba yosungiramo mbewu yovomerezeka, monga zomwe zimagwira ntchito ndi bungwe la ACE. Kumeneko mbewuzo amazipeta, kuziyeza chinyontho, kuziika pasikelo ndi kuziteteza kwa anankafumbwe. Mwini wake amalandira lisiti yonena kuchuluka ndi giledi ya katundu wake. Lisitiyo ndi chikole. Banki ikhoza kum'bwereka gawo la mtengo wa mbewuzo kuti athane ndi mavuto a lero, ndipo mitengo ikakwera amagulitsa, kubweza ngongole ndi ndalama yosungitsira, yotsalayo n'kukhala yake.

Kodi zimapinduladi? Ku Bungoma m'dziko la Kenya, bungwe la One Acre Fund lidayesa kubwereketsa alimi ndalama atangokolola kumene chimanga. Ofufuza adapeza kuti alimiwo adaleka kugulitsa msanga ndipo pa ndalama yomwe adabwereka adapindula pafupifupi 29 peresenti. Adapezanso china chofunika kuchidziwa: m'madera momwe alimi ambiri adasunga, mitengo ya nthawi yokolola idakwerako ndipo ngakhale omwe sadatenge ngongole adapindula nawo.

Koma ndisakunamizeni, kusunga mbewu kuli ndi minga yake. Choyamba, nyumba zoterezi n'zochepa ndipo zili kutali ndi midzi yambiri. Munthu wa matumba asanu sangachite hayala galimoto payekha, phindu lonse lithera pamsewu. N'chifukwa chake njirayi imakomera alimi omwe ali m'makalabu ndi m'makopaletivi, osonkhanitsa matumba mazanamazana. Chachiwiri, mtengo sukwera chaka chilichonse. Mu 2017 chimanga chidachuluka, boma linali litaletsa kugulitsa kunja, ndipo mtengo udakhala pansi miyezi yambiri. Chaka chomwecho dziko la India lidachepetsa nandolo yemwe limagula kunja ndipo alimi a m'chigawo cha kummwera adasowa kolowera naye. Yemwe adasungitsa mbewu ndi ngongole chaka chimenecho adalira.

Apa ndipo boma liyenera kumva. Kutseka ndi kutsegula malire mwadzidzidzi kumaopseza mlimi komanso banki yomwe ikadam'bwereka. Ngati boma likufuna kuletsa chimanga kutuluka, linene poyera nthawi ikadalipo kuti lidzatero zokolola zikadzachepa kufika pakutipakuti. Chimodzimodzi mitengo yoyambira yomwe Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka: imamveka bwino pawailesi, koma ngati Admarc ilibe ndalama yogulira nthawi yokolola, venda ndiye amakhala mfumu ya mtengo.

Nanga yemwe wagulitsa kale, ndalamayo aisunge kuti? Mu 2009 akatswiri adachita kafukufuku pakati pa alimi a fodya oposa 3,000 m'chigawo cha pakati. Ena mwa iwo adathandizidwa kutsegula mabuku ku banki ya Opportunity kuti ndalama ya ku okushoni izilowa m'bukumo m'malo moilandira pamanja. Nyengo yotsatira alimiwo adagula zipangizo zaulimi zochulukirapo ndi 13 peresenti ndipo zokolola zawo zidakwera mtengo ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Sadapatsidwe kuponi ya feteleza ayi. Ndalama yawo yomwe idangopeza posungira.

Kumudzi kwenikweni, banki yomwe anthu amaidziwa ndi banki m'khonde. Njirayi adaiyambitsa ndi a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero ili ponseponse: amayi amagula masheya sabata ndi sabata, kubwerekana, n'kugawana pakutha pa chaka. Ubwino wake ngwakuti kugawana kukachitika mu Novembala kapena Disembala, ndalama imafika nthawi ya feteleza. Kuipa kwake n'kwakuti chiwongola dzanja cha 20 peresenti pamwezi chomwe magulu ena amaika sichisiyana kwenikweni ndi katapila, ndipo msungichuma akathawa ndi bokosi, gulu limangothera kwa amfumu. Gulu lomwe lakula lingachite bwino kulowa mu SACCO. Bungwe la MUSCCO lakhala likuyang'anira ma SACCO kuyambira 1980, ndipo lamulo la 2011 lidawaika pansi pa diso la banki yaikulu ya Reserve. Kumeneko kuli mabuku owerengedwa ndi akatswiri komanso kokadandaula.

Komabe zonsezi zimagwa mphwayi ndalama ikamatha mphamvu. Mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Feteleza timagula kunja ndi madola. Mayi yemwe adasunga K100,000 m'bokosi la gulu chaka chonse adapeza kuti ndalama yake yagula feteleza wochepa kusiyana ndi yemwe ikadagula pomwe ankayamba kusunga. Akuluakulu omwe amakumbukira 1994 ndi 1995, kwacha itangosiyidwa kuti iziyandama, akudziwa ululu umenewu. Palibe ndondomeko yothandiza osunga ndalama yoposa kugwira mitengo ya zinthu kuti isamathamange.

Podikira kuti aboma achite mbali yawo, mlimi asaike zonse m'ndalama ya pepala. Gawo lina ligule feteleza msanga akangogulitsa mbewu, lina mbuzi, lina likhale chimanga. Chimangacho chiume bwino kufika chinyontho cha 13 peresenti, kenaka chilowe m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, momwe anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala. Za nyumba yosungitsirako mbewu yomwe ili pafupi nanu, funsani alangizi a zaulimi a ku EPA yanu mwezi wa Malichi usanathe, chifukwa kalabu imafunika nthawi yoti igwirizane za mayendedwe mbewu zisanatuluke m'munda.