SITIMA YA KATUNDU IMENE INAMIZA CHIGAWENGA CHA HITLER

Inu anzanga a mumsika, tikamamasula belo la kaunjika kapena kutsitsa matumba a feteleza, timaiwala kuti katunduyo wadutsa pa nyanja. Ine ndinakulira pa benchi ya mayi anga, ndiye nkhani za anthu onyamula katundu zimandigwira mtima. Lero imvani za sitima yotchedwa Stephen Hopkins.

Sitimayi inapangidwa ku California, m'dziko la America, mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Ntchito yake inali kunyamula katundu basi. Koma poti Ajeremani ankamiza sitima zamalonda, anaiikira mfuti imodzi yaikulu kumbuyo ndi timfuti tina ting'onoting'ono.

Mu Seputembala 1942 inanyamuka ku Cape Town ilibe katundu, ulendo wa ku Paramaribo kukatenga miyala yopangira aluminiyamu. M'mawa wa pa 27, kunja kuli chifunga ndi mvula, inangoti gululu ndi sitima ziwiri za Ajeremani, Stier ndi Tannenfels. Stier inali kathyali weniweni: kunja ngati sitima yamalonda, mkati itabisa mfuti zikuluzikulu 6.

Ajeremani anati imani. Kaputeni Paul Buck anati ayi takana. Anatembenuza sitima kuti mfuti ya kumbuyo ija iloze adani, basi moto unabuka. Asilikali a pa mfutiyo, motsogozedwa ndi Kenneth Willett, anagwa mmodzimmodzi. Kenaka mnyamata wina wophunzira ntchito ya mainjini, Edwin O'Hara, anathamangira pa mfutiyo nkuombera yekha zipolopolo 5 zomwe zinatsala. Naye anafera pomwepo.

Stephen Hopkins inamira, Kaputeni Buck nayenso anafa. Koma Stier nayo inali itayaka moto, injini zitafa, mpaka eni ake anaimiza okha nkukwera Tannenfels.

Anthu oposa 40 a mu Stephen Hopkins anafa. Amene anapulumuka pa nkhondoyo anakwera kaboti kopulumukira, madzi akumwa akugawana pang'onopang'ono. Atatha masiku 31 pa nyanja, 15 okha ndiwo anafika amoyo ku Brazil.

Chimene chimandisowetsa tulo nchakuti ambiri mwa anthuwa sanali asilikali ayi. Anali ophika, okonza injini, anthu ongosaka ya ndiwo ngati ife. Akanaima, mwina akanangogwidwa ukaidi nkukhala moyo. Kodi inu mukanakhala Kaputeni Buck, miyoyo ya anzanu ili m'manja mwanu, mukanaima kapena ayi? Ine mpaka lero yankho ndilibe.