Nkhondo ya Pa Gome: Kukumbukira Chaka cha 1884

Munthu amene akwera minibasi ku Lirangwe, nadzera pa Lunzu, nakhotera ku Chileka kumene ndege zitera m'tsinde mwa phiri la Michiru, sangaganize kuti dera lino lonse, kuchokera ku madooko a Shire kufikira ku Blantyre, linagwidwa ndi mantha aakulu m'chaka cha 1884, pamene ankhondo a Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, anaoloka mtsinjewo nathira nkhondo midzi ya Ayao ndi Amang'anja. Ambiri anathawira m'mapiri monga la Ndirande, ena anabisala pa mishoni ya Blantyre, imene Angoni sanaikhudze popeza mbusa David Clement Scott anali atakaonana ndi Chikuse chaka chomwecho. Komatu pali chinthu chimene mwana wa sukulu achita nacho chidwi akamva mbiriyi: zinatheka bwanji kuti anthu a nthungo ndi zishango apirikitse anthu amene ena a iwo anali ndi mfuti, zogula kwa amalonda a minyanga?

Kumaiko a Azungu kuli masewera amene ayankha mafunso otere mwa njira yoti munthu aone ndi maso. Anayamba ku Prussia, kumene mu 1824 Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a asilikali njira yophunzirira nkhondo pa mapu, ndipo mu 1913 mlembi H. G. Wells anasindikiza buku la Little Wars, lopereka malamulo osewerera ndi tiasilikali ta mtovu. Lero lino amuna a imvi zawo asonkhana pozungulira gome lalikulu, nayala nsalu yobiriwira, naikapo timapiri, timitengo ndi mtsinje, nandandalika tianthu ta mamilimita 28 topaka utoto mosamala kufikira lamba ndi nthenga za kumutu. Ndipo limodzi la mabuku a malamulo otchuka, Black Powder, linatuluka ku Nottingham mu 2009.

Kaseweredwe kake nkosavuta. Mbali ziwiri zisinthana kuyenda, monga achitira akatswiri a bawo pansi pa mtengo wa mango, koma kuno mtunda umene gulu lingayende uyesedwa ndi tepi, ndipo ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya adziwa poponya madayisi, pakuti pankhondo ngakhale wanzeru sadziwa zonse zimene zidzamgwera. Phindu lonse lagona m'malamulo, chifukwa ayenera kutsata mmene zida zinalili. Mwini mfuti ya gogodera anayenera kuthira wonga kukamwa kwa mfuti, kuponyamo chipolopolo ndi kansanza, kusinja ndi kachitsulo, ndipo pokhapo kutchera ndi kuwomba. Msilikali wophunzitsidwa bwino amawomba kawiri kapena katatu pa mphindi imodzi, chipolopolo sichimalunjika bwino kupitirira mamita 100, utsi woyera umaphimba maso, ndipo wonga ukanyowa mfuti imasanduka ndodo chabe. Tsono pamene wosewera aona tianthu take ta mfuti titawomba kamodzi, adani othamanga ndi nthungo nafika tisanathirenso wonga, azindikira yekha chifukwa chake makolo anakonda kukwera phiri kapena kumanga linga kusiyana ndi kuima pachigwa.

Kuti tisewere masewerawa kwathu kuno, sitifunika kuitanitsa tiasilikali todula kunja, popeza dongo lili m'madambo mwathu, ndipo ana amene aumba ng'ombe za malunda ndi nyanga zake angathe kuumbanso munthu wa chishango. Mphunzitsi wa ku Chileka kapena ku Lirangwe angalembe Shire ndi makala pa mkeka, naika miyala m'malo mwa Michiru ndi Ndirande, nalemba njira ya amtengatenga yopita ku Matope, nagawa ana m'magulu awiri, iye nakhala woweruza. Koma asanayambe, atume anawo kwa agogo awo ndi kwa mafumu a m'dera la Kuntaja, Lundu ndi Chigaru, kuti akafunse zimene makolo anasimba, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo nkhalamba zodziwa zimenezi zilikutha.

Chenjezo likhalepo ndithu. Adzukulu a othamangitsa ndi a othamangitsidwa lero akwatirana, apemphera m'nyumba imodzi, nagulitsana tomato pa msika wa Lunzu. Chotero masewerawa asakhale bwalo lonyozerana mitundu, ndipo ana asinthane mbali, wa lero Mngoni mawa akhale Myao wotchinjiriza mudzi wake. Pomaliza masewera awerengenso nkhokwe zopserera ndi anthu otengedwa ukapolo, kuti adziwe kuti nkhondo siimanga mudzi. Aphunzitsi ndi makolo, dongo ndi ana muli nazo kale. Yesani masewerawa chaka chino.