MASAMU A KAPENTA: KODI KARIBA INGANYAMULE MABWATO ANGATI?

Mai wa ku Katete kapena ku Petauke akamadandaula pamsika kuti meda ya kapenta yakwera mtengo, dandaulo lakelo ndi limodzi ndi la msodzi wa ku Siavonga, amene amacezera pamadzi usiku wonse nabwerera kumtunda m'mawa ndi nsomba zosakwana ngakhale kulipira dizilo. Onse awiri akhudzidwa ndi funso limene akatswiri a masamu akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri, lakuti kodi anthu angavuule nsomba zoculuka bwanji caka ndi caka, napeza phindu, popanda kuitha nyanja.

Kapenta si mbadwa ya ku Kariba. Nyanjayi inayamba kudzaza pamene mtsinje wa Zambezi unatsekedwa kumapeto kwa caka ca 1958, ndipo m'zaka za 1967 ndi 1968 anchito a Boma oyang'anira za nsomba anatenga tiana ta kapenta ku nyanja ya Tanganyika nadzatithira ku Kariba, kumene tinaswana modabwitsa. Usodzi wamalonda unayamba kutsidya la Zimbabwe m'caka ca 1974, ndipo kuno ku Zambia unayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Asodzi amagwira nchito usiku pa mabwato acitsulo ochedwa marigi, natsitsa ukonde ndi nyali yowala imene imaitana nsomba.

Masamu ake anakonzedwa kutali ndi Kariba. M'caka ca 1954 katswiri wa ku America, Milner Schaefer, analongosola kuti nsomba zimawonjezeka kwambiri pamene zili pakatikati. Tinene kuti dziwe lingasunge nsomba 1,000. Likadzaza, cakudya cimacepa ndipo zobadwa zimangolowa m'malo mwa zakufa. Zikatsala 50, cakudya ncambiri koma makolo oswa ngocepa. Zikakhala ngati 500, ndi pamene dziwe limabala koposa, ndipo msodzi angathe kutenga zowonjezekazo caka ciriconse osakhudza mbeu.

Caka comweco H. Scott Gordon wa ku Canada anaikapo nkhani ya ndalama. Iye anasonyeza kuti phindu lalikulu limapezeka ndi mabwato ocepa kuposa amene angagwire nsomba zoculuka kotheratu, cifukwa mabwato otsiriza kulowa amadya mafuta ndi malipiro ambiri kuposa nsomba zimene awonjezera. Koma nyanja ikakhala yopanda cipata, aliyense woona mnzace akupeza bwino amagula bwato lace. Iye amawerenga nsomba zolowa mu ukonde wace, osawerenga zimene wacotsa mu ukonde wa anzace, ndipo mabwato amapitiriza kubwera kufikira phindu litatha kwa onse.

Cobvuta ncakuti nyanja siibala mofanana zaka zonse, ndipo apa ndi pamene masamu oyambawo anapunthwa. Tinene kuti nyanja imawonjezera matumba 100 m'caka cabwino ndi 60 m'caka coipa. Wowerenga mwacangu adzati pakati pace ndi 80, motero asodzi azitenga 80 caka ciriconse. Zaka ziwiri zoipa zikatsatana, asodziwo adzakhala atadya matumba 40 a mbeu, ndipo mbeu yocepayo siingabalenso 100 ngakhale mvula itabwera bwino. Mlimi aliyense amene anakazingapo nshawa zobzala m'nyengo ya njala adziwa kumene njira imeneyi imathera.

Dziko la Peru linaziona zimenezi. M'caka ca 1970 asodzi a kumeneko anagwira matani oposa 12 miliyoni a kansomba kofanana ndi kapenta. Mu 1972 madzi a m'nyanja yamcere anafunda cifukwa ca El Niño, nsomba zinalephera kuswana, koma mabwato sanacepe, ndipo mu 1973 zogwidwa sizinafike ngakhale matani 2 miliyoni.

Ku Kariba cimene cimasinthasintha ndi madzi. Mitsinje ikasefukira imabweretsa conde cimene cimadyetsa tizilombo tosaoneka bwino ndi maso, cakudya ca kapenta. Kafukufuku wa Lawrence Karenge ndi Jeppe Kolding, wofalitsidwa mu 1995, anapeza kuti nsomba zogwidwa ku Kariba zimatsatira kwambiri kukwera ndi kutsika kwa madzi. Cilala ca 1992 ndi ca 2024, cimene cinathimitsa magetsi m'dziko muno, cinasonyeza kuti palibe munthu angalonjeze madzi a caka camawa.

Cifukwa ca ici akatswiri a lero amaika nyanja yongoyerekezera mu kompyuta, naipatsa zaka za mvula ndi za cilala mosakaniza, nabwereza kambirimbiri kuti aone lamulo limene lisunga nsomba ndi phindu ngakhale zaka zoipa zitatsatana. Kawirikawiri lamulo lopambana ndi lotenga gawo la nsomba zimene zilipo, m'malo mwa muyeso umodzi wosasintha. Kuika malire pa ciwerengero ca mabwato kumacita zofanana ndi zimenezi, pakuti mabwato omwewo amagwira zambiri nsomba zikaculuka ndi zocepa zikacepa.

Ndiyo njira imene maiko awiriwa anasankha. Pangano la Zambia ndi Zimbabwe la 1999 linagawa usodzi wa kapenta motere: magawo 55 pa 100 kwa Zimbabwe ndi 45 kwa Zambia. Pa marigi 500 amene akatswiri anati ndiwo oyenera nyanjayi, Zambia inayenera kukhala ndi 225 ndipo Zimbabwe 275. Koma m'zaka za m'ma 2010 owerenga anapeza marigi oposa 1,000, ambiri mwa iwo ali kumbali ya Zambia, ndipo nsomba za bwato limodzi pa usiku umodzi zinatsika kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980.

Ngakhale ciwerengero ca 500 cifunika kuciyesanso nthawi ndi nthawi. Rigi yokhala ndi nyali yowala kwambiri ndi ukonde waukulu imagwira ngati marigi awiri akale, ngakhale m'buku ilembedwa ngati imodzi. Ndiponso masamu onsewa amadalira zimene eni mabwato alemba kuti agwira. Kapenta wogulitsidwa mobisa pakati pa nyanja usiku, bwato lisanafike padooko, amafika pamsika ndi kudyedwa ndi nsima, koma salowa m'buku limene akatswiri amawerengera nsomba zotsala m'madzi.